Chimene Anaona Atate Anga

M'nyumba mwa amayi anga muli chithunzi chimodzi chimene ndakhala ndikuipidwa nacho kwa zaka zoposa 40. Chinajambulidwa m'chaka cha 1977, m'mawa wa tsiku limene ndinayamba Sitandade 1. Pachithunzipo paima kamnyamata kovala malaya a khaki oposa msinkhu wake, katapanira sileti m'khwapa. Mabatani a malaya akuoneka, chibwano ndi makutu zikuonekanso, koma mutu unadukira pamphumi, pang'ono pokha pamwamba pa nsidze. Nkhope nayo njosaoneka bwino, ikunga ya munthu woima m'nkhungu. Kamnyamatako ndine, ndipo anajambula ndi atate anga.

Alongo anga awiri ali nazo zithunzi zawo za tsiku loyamba sukulu, zokoma, zoonetsa thupi lonse kuyambira kumutu kufikira kuzala za kumapazi. Chotero changa chitabwera, anandipatsa dzina lakuti Chopandamutu, ndipo dzinalo linandiperekeza mpaka ku Sitandade 8. Tsiku lina ndinalimba mtima ndi kufunsa atate chifukwa chimene anandidulira mutu. Iwo anandiyang'ana kanthawi, nati, "Tapita ukamwetse mbuzi." Sindinafunsenso. Koma mtima wa mwana uli ndi bwalo lakelake la milandu, ndipo m'bwalo limenelo ndinagamula kuti atate sanasamale za ine monga anasamalira za alongo anga. Ndikuchita manyazi kunena kuti chigamulo chimenechi ndinakula nacho, ndinakwatira nacho, ndipo ngakhale kumanda tsiku loika maliro awo ndinali nachobe.

Atate anali munthu wa mawu ochepa. Monga anthu ambiri a kwathu kuno a nthawi imeneyo, anapita kukafuna ntchito ku Salisbury, mzinda umene tsopano ukutchedwa Harare, ndipo anakhalako zaka 12 akusoka zovala. Pobwera kumudzi mu 1968 anabweretsa makina osokera, njinga, ndi kamera imene anagula kwa munthu wina atagwiritsako kale ntchito. Inali Kodak Duaflex, kabokosi kakuda kokhala ndi maso awiri kutsogolo, lina pamwamba lina pamunsi. Makamera a mtundu umenewu ankapangidwa kuyambira mu 1947 kufikira mu 1960, ku America ndi ku England, ndipo anali a anthu wamba, osati a akatswiri.

Achinyamata amene munazolowera kukweza foni m'mwamba ndi kuloza nayo nkhope ya munthu, mvetsani kuti kamera iyi sinkaikidwa pamaso. Wojambula ankaikoleka m'khosi ndi lamba, naigwira ndi manja onse awiri pamimba, kenaka n'kuwerama kuyang'ana m'kazenera kagalasi kamene kali pamutu pake. Ndikakumbukira atate akujambula, sindikumbukira maso awo. Ndimakumbukira liwombo lawo, ndi chipewa chimene ankayamba avula kuti chisawatchinge. Ankakhala chiweramire nthawi yaitali, akusendera uku ndi uko, ife titauma ngati zitsa padzuwa, mpaka timve kaphokoso kakang'ono kakuti khethe.

Kuchedwa kwawoko kunali ndi chifukwa. Mpukutu umodzi wa filimu unkatulutsa zithunzi 12 zokha, ndipo kumbuyo kwa kamera kunali kabowo kofiira kosonyeza nambala ya chithunzi chimene mwafikapo. Mpukutu umodzi unkatha chaka chathunthu pakhomo pathu: ukwati wa mbale, ubatizo wa khanda, nkhokwe itadzaza, mlendo wochokera kutali. Ukatha ankautumiza pa positi ku tauni kuti akatsuke, ndipo tinkadikira milungu ingapo. Panalibe kuona msanga ngati mwalakwitsa, panalibenso kufufuta. Filimu yake inali ya nambala 620, imene inayamba kusowa m'masitolo ine ndikali ku pulayimale, ndipo kampani ya Kodak inaleka kuipanga mu 1995. Kamera inalowa m'bokosi lachitsulo pamodzi ndi makalata akale. Atate anatisiya mu 1999, bokosilo n'kukhala chitsekere.

Mu December 2024 mvula yoyamba inaulula kuti denga la nyumba ya amayi latha, choncho tinatulutsa katundu yense kuti amisiri akhome malata ena. Mwana wanga wamkazi, chisamba changa, amene anali pa tchuthi kuchokera ku koleji, ndiye anatsegula bokosi lija. Ndinangomva akufuula, "Ababa, tabwerani mudzaone!" Ndinampeza ataigwira kamera m'manja, akuipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Pano ndiyenera kudziulula. Ine ndine mmodzi wa aphunzitsi amene amalanda mafoni m'kalasi, ndipo pa misonkhano ya achinyamata ndakhala ndikudandaula kuti ana a masiku ano amajambula chilichonse koma osaona kanthu. Zimenezi sindinaleke kukhulupirira kotheratu. Tsono nditamva mwanayo akunena kuti akufuna kujambula ndi kamera ya agogo ake pogwiritsa ntchito foni, ndinayankha mwaukali kuti chinthu cha malemu si choseweretsa, ndiponso kuti filimu yake inatha iye asanabadwe.

Iye anagwada pambali panga, nayankhula mofatsa. "Ababa, filimu sikufunika. Sinditsegula chilichonse, sindithyola chilichonse. Ine ndingofuna kujambula chimene chikuoneka m'kazenera aka." Anandifotokozera kuti njira imeneyi inatchuka pakati pa okonda zojambula m'maiko a kunja pambuyo pa chaka cha 2000, ndi kuti pa Chingerezi amaitcha Through the Viewfinder, ndiko kunena kuti kujambula kudzera m'zenera loyang'anira. Anati Duaflex ndi imodzi mwa makamera amene anthuwo amafunafuna, chifukwa kazenera kake n'kakakulu ndi kowala. Amayi, amene ankamvetsera ali pamphasa, anadula mlandu. "Msiyeni mkazi mnzangayo agwire katundu wa mwamuna wake. Inu munaugwirapo liti?"

Kuti owerenga amvetse zimene zinatsatira, ndifotokoze pang'ono za m'kati mwa kabokosika, pakuti ine mphunzitsi wa zaka 30 ndinali ndisanaziganizirepo. Maso awiri aja ali ndi ntchito zosiyana. Diso la pamunsi ndilo lojambula: mukakanikiza batani, limatseguka kamphindi, kuwala n'kugwera pa filimu. Diso la pamwamba silijambula kanthu. Kuwala kolowera m'menemo kumagunda kalirole wopendekeka amene ali m'katimo, kalirole n'kukuponya m'mwamba, kukatulukira pa galasi lokhuthala la kazenera kaja. Wojambula amaona ndi diso lina, filimu imaona ndi linzake. Chimene mwana wanga ankafuna ndicho kuika foni pamalo pamene pankakhala nkhope ya atate, kuti ijambule chimene diso la pamwamba likuona.

Ntchitoyo sinali yapafupi monga anaganizira. Kuwala kwa dzuwa kunkanyezimira pagalasi, ndipo m'zithunzi zoyamba munkangooneka mitambo ndi zala zake. Foni nayo ikayandikira kwambiri inkalephera kuona bwino. Pamenepo uphunzitsi wanga unagwira ntchito, pakuti kupanga zipangizo zophunzitsira ndi makatoni ndiyo ntchito imene takalamba nayo. Tinadula katoni ya sopo n'kupanga chimpaipi cha ngodya zinayi, chotalika ngati rula ya masentimita 30. M'kati mwake tinapakamo polishi wakuda wa nsapato kuti kuwala kusabwerere. Kumunsi tinakuveka pamutu pa kamera n'kumanga ndi mphira wa chubu cha njinga, kumwamba tinasiya kabowo kokwana diso la foni. Tinafupikitsa kawiri, n'kuwonjezeranso kamodzi, kufikira chithunzi chinaoneka bwino. Ana a m'mudzi anatizinga akuseka, ena akufunsa ngati aphunzitsi akupanga mfuti.

Foni isanaikidwe, mwanayo anati ndiyambe ndasuzumira ine. Ndinavula chipewa, ndipo ndili m'kati movula ndinazindikira kuti manja anga achita chimene ankachita manja a atate. Pansi pa mdima wa katoni panali kabwalo kowala, ka mbali zinayi zofanana, ka ngodya zobulungira. M'menemo munali bwalo la pakhomo pathu, mtengo wa mango, khola, ndi nkhuku ikuyenda. Koma khola limene lili kudzanja lamanja linali kumanzere, ndipo nditatembenukira kumanja kuti nditsate nkhuku, nkhukuyo inathawira mbali ina. Kalirole amatembenuza zinthu chotero, ndipo ndi chifukwa chake atate ankasendera uku ndi uko nthawi yaitali. Ife tinkayesa kuti akungotizunza padzuwa. Pagalasipo panali timadontho ta fumbi, tichuku m'mbali, ndi kamzere kokalika kochokera pangodya ya kumwamba. Mwana wanga anati tisapukute m'kati, pakuti zimenezo ndizo zimakometsa chithunzi. Ine sindinaone kukoma m'fumbi, koma kamzere kaja ndinakayang'ana nthawi yaitali, poganiza kuti mwina atate nawo ankakaona pa nkhope zathu.

Amayi sakonda kujambulidwa ndi foni. Amati ana amakuloza nayo ngati akukuloza chala, ndipo usanakonze ndi duku lomwe, nkhope yako yafika kale ku Johannesburg. Koma ataona kabokosi kakuda kali pamimba pa mdzukulu wawo, analowa m'nyumba osanena kanthu, natuluka atavala chilundu chawo cha pa Sabata. Anakhala pampando, manja pamaondo, msana chilili. Popeza wojambula anali ataweramira m'katoni, panalibe maso oti achite nawo manyazi, ndipo nkhope yawo inamasuka. Chithunzi chimenecho ndicho chokoma koposa zonse zimene tili nazo za amayi. Ataonetsedwa pafoni anangoti, "Kani ankandiona chonchi."

Madzulo a tsikulo mwana wanga anandiuza kanthu kena kamene kanandiseketsa. Kamera yoyamba yosafuna filimu, kholo la izi zili m'mafonizi, inapangidwa ku kampani yomweyo ya Kodak mu 1975 ndi injiniya wachinyamata dzina lake Steven Sasson. Inkalemera makilogalamu oposa 3, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Luso limenelo litakula linapha msika wa filimu, kotero kuti mu 2012 kampaniyo inakapempha khoti kuti liitchinjirize kwa amene inali nawo ngongole. Ndiye kuti pamphasa pathu tinali titamanga pamodzi agogo ndi mdzukulu wa banja limodzi, ndi mphira wa njinga.

M'mawa mwake ndi pamene nkhani ya Chopandamutu inadzuka. Mlongo wanga anabwera kudzaona denga, ndipo ataona kamera anakumbuka dzina lija, naliitana mokweza pamaso pa ana anga ndi amisiri omwe. Anakatenga chithunzicho m'nyumba kuti onse aseke. Mwana wanga yekha ndiye sanaseke. Anachiyang'anitsitsa, nayang'ana kamera, kenaka anaitana kamdzukulu ka mlongo wanga, kamnyamata ka zaka 7. Anakaimika patsogolo pa khonde, nasendera pafupi, pafupi ndithu, mpaka nkhope yake inadzaza kazenera. "Ababa, suzumirani. Mutu wonse ukuoneka?" Ndinati inde, ukuoneka wonse, ndi kampata pang'ono pamwamba pa tsitsi. Pamenepo anachotsa foni pakatoni, naitsitsa kufikira inalingana ndi diso la pamunsi, osasuntha mapazi, najambula. Atadula chithunzicho kuti chifanane kukula ndi chija cha m'kazenera, tsitsi la mnyamatayo linali litapita, ndi mbali ya mphumi yomwe.

Chifukwa chake n'chapafupi, mwana wa Sitandade 5 akhoza kuchimva. Maso awiri a kamera atalikirana ngati zala zitatu. Munthu akaima patali, kusiyana kumeneku sikuoneka, ndi chifukwa chake alongo anga, amene anajambulidwa thupi lonse ali chapatali, anatuluka amphumphu. Koma mukayandikira kwambiri, diso la pamunsi limaona motsikirapo kuposa la pamwamba, ndipo chimene chili kumwamba kwa kazenera chimatsala kunja kwa filimu. Kuwonjezera apo, diso la kamera ngati imeneyi silisintha kaonedwe kake. Chinthu chimene chili pafupi kuposa mita imodzi ndi theka chimatuluka mwachimbuuzi, pamene m'kazenera chikuoneka bwinobwino. Zilema zonse ziwiri za chithunzi changa, kuduka ndi chimbuuzi, zinali ndi gwero limodzi. Atate anandiyandikira kwambiri.

Ndinatembenukira kwa amayi ndi kufunsa ngati akukumbukira tsikulo. Anayamba aseka, kenaka anakhala chete. Anati pa mpukutu umenewo panatsala chithunzi chimodzi chokha, ndipo atate anachisunga miyezi 4. Anakana kujambula ukwati wa mphwawo, mpaka panali mawu pabanja, chifukwa ankati chotsalacho n'cha mnyamata akamadzayamba sukulu. M'mawa umenewo anayamba aima patali monga mwa masiku onse, koma anati, "Zovala tazionaona kale, ine ndifuna nkhope," nayamba kusendera. Envelopu itabwera kuchokera ku tauni, anatsegula ali pakhonde, ndipo tsiku limenelo nsima inabwerera. Anakhulupirira kuti otsuka zithunzi ndiwo anadula, nalemba kalata yodandaula imene sinayankhidwe. "Nanga inu mutawafunsa, mumafuna akuyankheni chiyani?" anatero amayi. "Iwo eni sankadziwa. Ankangoti, ine ndinamuona yense."

Sindinathe kukhala pagulu. Ndinapita kudimba ngati ndikukaona mbewu, ndipo ndinakhalako mpaka dzuwa linapendeka. Zaka 47 ndinali nditasunga mlandu umene mboni yake inali m'nyumba momwemo, ndipo sindinaifunse. Amayi ndakhala nawo masiku onsewa. Ndaweruza milandu ya ana kusukulu, ndakhala pa mabwalo oyanjanitsa mabanja, ndipo kawirikawiri ndauza anthu kuti asagamule asanamve mbali zonse. Koma mlandu wanga ndinaugamula ndili ndi zaka 7, pa umboni wa kapepala kamodzi, ndipo sindinaubwezenso ku bwalo. Chimene chinandiwawa koposa n'chakuti m'zaka zawo zotsiriza, atate akudwala, ndinawasamala mokwanira monga mwana ayenera, koma ndinkakhala chapatali. Ndinkawapatsa mankhwala, ndi kutuluka.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita nayo kamera m'kalasi, pamodzi ndi chimpaipi chake. Ndinauza ana kuti aliyense atambasule dzanja, aimike chala, atsinzine diso limodzi, kenaka linzake. Chala chinalumpha, ndipo kalasi lonse linaphulika ndi phokoso. Ndinawauza kuti abweretse chala pafupi ndi mphuno, achitenso chimodzimodzi, chinalumpha koposa. Kenaka anafola mzere kusuzumira m'katoni mmodzimmodzi, akuseka poona zilembo za pa bolodi zitatembenuka. Za chithunzi changa sindinawauze. Aphunzitsi anzanga anandiseka kuti wolanda mafoni lero wabwereka foni ya mwana wake kudzaphunzitsira, ndipo ndinavomera kuti kuseka kwawo kunali ndi malo.

Pa chinthu chimodzi ine ndi mwana wanga sitinamvane msanga. Zithunzi zojambulidwa m'njira imeneyi zimaoneka zakale kwambiri, ndipo mlendo wina ataona cha amayi anafunsa ngati ndi agogo awo a amayiwo. Mwanayo anakondwa nazo, koma ine sindinakondwe. Zithunzi za pabanja ndi mboni, ndipo adzukulu athu adzazikhulupirira. Ndamvanso kuti m'mafoni muli njira zothira fumbi labodza ndi mizere yabodza pa chithunzi chilichonse; zimenezo ndiye sindizifuna n'komwe. Fumbi lathu ndi la m'bokosi la atate. Tinapangana kuti chilichonse chimene tatsukitsa papepala, kumbuyo kwake ndilembe ndi dzanja langa tsiku, chaka, malo, maina a anthu, ndi mawu akuti chinajambulidwa ndi foni kudzera m'kamera ya agogo. Iye anafunsanso ngati atembenuze zithunzizo kuti kumanja kubwerere kumanja, pakuti foni ikhoza kutero mosavuta. Ndinati cha amayi achisiye momwemo. Chipsera chawo cha patsaya chili mbali yolakwika, koma ndi mbali imene atate ankachiona akawerama.

Tsiku loti abwerere ku koleji, mwana wanga anandiuza kuti ndivale jekete ndi kukaima patsogolo pa khonde la agogo ake. Amayi analoza ndi ndodo malo enieni, pafupi ndi mwala wonolera mipeni umene ulipobe. Sileti panalibe, choncho ndinapanira kaundula wa kalasi m'khwapa. Mwanayo anakoleka lamba m'khosi, nawerama. Ndinaona liwombo lake, ndi mapazi ake akusendera pang'onopang'ono m'fumbi, kumanja, kumanzere, kenaka kutsogolo, kutsogolonso, mpaka ndikanatha kumgwira paphewa. Mlongo wanga anafuula kuti, "Samala mutu wa Chopandamutu!" koma iye sanadzutse nkhope.

Atatha anapita nayo foni kwa agogo ake poyamba. Amayi anaitalikitsa, naiyandikitsa, natsinzina diso limodzi. "Eya," anatero, "mutu ndiye wakwana tsopano. Koma tsitsi lija ankalifuna bambo anu lapita kuti?"

Zithunzi ziwirizo zili m'felemu imodzi pakhoma la amayi, cha 1977 kumanzere. Kamera ili pa shelefu kwathu, ndipo katoni ija yayamba kufewa ndi chinyezi. Ndapempha kale ina kwa mwini golosale.